MAU A BESI AKAYAMBA KUZILALA

Aliyense amene anakhalapo pa Misa ya tsiku lalikulu, monga Pasaka kapena Khrisimasi, amadziwa kuti kwaya imaima pa mau a pansi. Amai ndi atsikana ndiwo amanyamula nyimbo ndi kuifikitsa m'makutu mwathu, koma cimene cimagwedeza cifuwa ndi kucititsa mpingo wonse kuponda pamodzi ndi abambo a besi ndi ng'oma yaikulu. Tsiku limene abambowo apita ku maliro, kapena ng'oma yagona pa cinyontho, nyimbo imakhala yomwe ija, koma aliyense amamva kuti yasukuluka ngati ndiwo zopanda mcere, ngakhale kuti ambiri sangathe kuchula cimene casowa.

M'galimoto, nchito ya abambo a besi imagwiridwa ndi sipika yaikulu imene imakhala m'bokosi kumbuyo, ku buti. Dzina lake ndi subwoofer, koma anyamata a pa siteshoni amangoti wufa. Kapena owerenga ena adabwa kupeza nkhani ya cinthu cotere m'magazini ya mabanja acikhristu. Ndikupemphani, abale anga, kuti muleze mtima. M'mabanja athu ambiri muli galimoto yakale imene ili ngati munda wa banja lonse, ndipo ndalama zimene zimathera pa kukonza tizinthu take ndi zomwezo zimene zikanagula mbeu, mankhwala kapena malata.

Mlongo wanga ndi mai wamasiye. Mwana wake woyamba amayendetsa galimoto yaing'ono, imodzi mwa zija zimene zimacokera ku Japan zitagwira kale nchito, n'kutsikira pa doko la Dar es Salaam ndi kulowa m'dziko muno pa Nakonde. Mkati mwa mlungu amanyamula anthu ndi katundu pakati pa Katete ndi midzi yozungulira, ndipo Lamulungu amapereka akatekisti ndi a kwaya ku machalichi a kumidzi. Tsiku lina mwezi wa Okutobala anafika kwanga nkhope ili yakugwa.

"Amalume, wufa yafa," anatero atakhala pansi. "Okwera akundithawa, akupita kwa anzanga amene nyimbo zao zimagunda. Ndati ndipemphe kuti mundilankhulire kwa amai, andibwereke pa ndalama za feteleza, ndigule yatsopano. Ndidzabweza mvula isanagwe."

Kwa ife Acewa mlandu wa mwana umafikira kwa malume, ndipo malume amene angovomereza ciliconse sakonda mbumba yake. Ndinadziwa kuti ndalama ya feteleza ikatuluka m'nyumba mwezi wa Okutobala sibwerera pa nthawi yake, ndipo cimanga sicidikira ngongole. Popeza ndinakhala zaka zambiri ndikukonza mawailesi, ndinamuyankha kuti: "Mphwanga, wodwala sitimukumbira manda asanaonedwe ndi sing'anga. Ubwere nayo galimotoyo mawa m'mamawa, tiimike pansi pa mtengo wa mango dzuwa lisanakwere."

Tisanapitirire, ndi bwino timvetse cimene wufa imacita. Mau onse amene timamva ndi mpweya umene ukunjenjemera. Akatswiri amawerenga kuti mpweyawo ukunjenjemera kangati pa sekondi imodzi, ndipo muyeso wake amaucha hertz, pokumbukira Heinrich Hertz, katswiri wa ku Germany. Khutu la munthu wacinyamata limamva kuyambira pa 20 mpaka pafupifupi 20,000. Mau a mbalame ndi a likhweru ali pamwamba. Mau a ng'oma yaikulu ndi a bingu lakutali ali pansi. Wufa inapangidwira mau a pansi okhaokha, kawirikawiri osapitirira 100, ndipo kuti iwatulutse iyenera kukankha mpweya wambiri nthawi imodzi. Ndico cifukwa cake imakhala yaikulu, ndiponso imadya magetsi ambiri kuposa masipika ena onse a m'galimoto.

M'kati mwake mulibe matsenga. Muli maginito olemera, koyilo ya waya wa mkuwa woonda, mbale yopepuka ya pepala lolimba kapena pulasitiki, ndi mkombero wofewa wa siponji kapena labala umene umagwira mbaleyo m'mphepete. Magetsi akalowa m'koyilo, koyiloyo imakankhana ndi maginito, mbale n'kumapita kutsogolo ndi kumbuyo. Kapangidwe kameneka anakafotokoza Chester Rice ndi Edward Kellogg ku America m'caka ca 1925, ndipo mpaka lero masipika ambiri amatsata njira yomweyo. Motero wufa yakale ndi yatsopano ndi pacibale; yakale ikakhala bwino ilibe cifukwa cocitira manyazi.

M'mawa mwake, ndisanagwire sipanala, ndinayamba ndi mafunso, pakuti safunsa anadya phula. Kodi mau anatha tsiku limodzi, kapena anazilala pang'onopang'ono? Funso limeneli ndi lofunika kwambiri. Besi ikatha mwadzidzidzi, kawirikawiri ndiye kuti waya waduka, fyuzi yapsa, kapena munthu wasintha kanthu pa wailesi. Ikamazilala miyezi ndi miyezi, tiganizire dzimbiri, batire lotopa, kapena ukalamba wa mkombero. Mphwanga anati zinayamba m'dzinja lathali, koma zinaipiratu pambuyo pa zokolola, pamene bokosi linatulutsidwa kuti m'buti mulowe matumba a cimanga, kenaka n'kubwezeredwa. Ndinasunga mau amenewo mumtima. Kwa ife acikulire ndionjezepo mfundo imodzi: ukalamba umayamba kulanda mau a pamwamba, a pansi n'kutsalira. Ngati tsono ndi besi yokha imene yasowa, musafulumire kunamizira makutu anu.

Lamulo la mmisiri aliyense ndi lakuti ayambe ndi cimene sicidya ndalama. Tinatsegula wailesi, poyamba pa Radio Maria kuti timve ngati mau a munthu akumveka oyera, kenaka tinaika nyimbo ya kalindula imene tonse awiri timaidziwa bwino, popeza kalindula amayenda pa gitala ya besi. Ndinayang'ana zosinthira mau za pa wailesi ndi za pa ampulifaya, kabokosi kaja kamene kamakulitsa mphamvu isanafike ku wufa. Pali cosinthira cimodzi cimene cimaika malire a mau opita ku wufa. Ambiri amaciika pafupi ndi 80, ndipo cikatsitsidwa kwambiri besi yambiri imatsekeredwa kunja. Cimeneco cinali bwino. Koma zokwezera zonse zinali zitapotokoledwa mpaka kumapeto.

"Ndimati mwina ndikakweza ibwerera," anatero mnyamatayo.

Apa ndi pamene ambiri amaphera wufa imene inali kungodwala. Ampulifaya ikakakamizidwa kupereka mphamvu imene ilibe, imatulutsa mau ophwanyika, osasalala, ndipo koyilo imayamba kutentha. Ikatentha kwa nthawi yaitali, utoto umene umakuta waya wake umapsa, ndipo pamenepo ndiye imfa yeniyeni. Makolo anati ng'oma yoliritsa sicedwa kung'ambika. Tinabweza zokwezera zonse pakati, ngakhale kuti kutero kunacititsa mau kumveka ofooka koposa.

Caciwiri tinaona cakudya cake, ndiko kunena magetsi. Mita yoyezera magetsi si yodula, ndipo amisiri ambiri a mawailesi ali nayo. Batire la galimoto lodzaza bwino, injini ili yozima, limaonetsa mavoti pafupifupi 12.6. Injini ikalira, alternator imakweza mphamvuyo kufika ca m'ma 14. Pa batire la mphwanga zonse zinali m'malo mwake. Koma titayeza kumbuyo, pa ampulifaya penipeni, nyimbo ikulira, manambala anali kugwa kufika pa 11 nthawi iliyonse besi ikagunda. Tanthauzo lake linali loonekeratu: nsima inali kuphikidwa yokwanira, koma inali kutayika m'njira isanafike kwa wodya.

Tinazimitsa injini ndi kumasula waya wa ku mbali ya minus pa batire. Conde, aliyense wofuna kugwira mawaya a galimoto ayambe ndi cimeneci, pakuti batire lingaoneke lofatsa koma likhoza kusungunula sipanala. Kenaka tinalondola waya wonenepa wocokera ku batire kupita kumbuyo. Pafupi ndi batire, osapitirira masentimita 45, payenera kukhala fyuzi. Nchito ya fyuzi ndi kufa m'malo mwa galimoto: waya akakhudza citsulo, iyo imaduka msanga moto usanabuke. Titatsegula kacibotolo kake tinapeza kuti munthu wina, pa nthawi ina, anacotsa fyuzi yakupsa n'kupotapo kawaya wamba. Ndinamva thupi kuzizira pokumbukira kuti galimoto imeneyi imanyamula amai obereka ana kumsana ndi a kwaya odzaza mpando wakumbuyo. Ngakhale tikanapanda kupeza cina ciliconse tsiku limenelo, kawaya kameneko kokha kakanakwanira kulipira m'mawa wathu wonse.

Magetsi akapita ayenera kubwerera, ndipo m'galimoto amabwerera kudzera m'citsulo ca galimoto yomwe. Ndiye cifukwa cake ampulifaya ili ndi waya wina wamfupi, umene amakanika amauti earth, womangidwa ndi bauti ku thupi la galimoto. Tinakweza kapeti wa m'buti, ndipo taonani, bautiyo inali yofiira ndi dzimbiri. Labala wa citseko ca buti anatha kale, madzi a mvula anali kudonthera pomwepo, ndipo mabampu a miseu ya fumbi anali atamasula bautiyo. Georg Ohm, mphunzitsi wa ku Germany, anasonyeza m'caka ca 1827 kuti njira ya magetsi ikakhala yothina, mphamvu imatayika pa malo othinawo, ndipo imatayika yambiri pamene magetsi odutsa acuruka. Ndico cifukwa cake mau a wolankhula pa wailesi anali kumveka bwino, koma besi, imene imafuna magetsi ambiri nthawi imodzi, inali kukomoka. Tinapala dzimbiri ndi utoto mpaka citsulo cinawala, tinamanga bauti mwamphamvu, n'kupakapo girisi pamwamba kuti cinyontho cisalowenso.

Pa nkhani ya mawaya ndicenjeze ogula. M'masitolo muli waya wina wooneka ngati mkuwa, koma m'kati ndi aluminiyamu wongokutidwa ndi mkuwa pamwamba. Aluminiyamu amadutsitsa magetsi pafupifupi magawo 6 pa 10 a zimene mkuwa umadutsitsa, ndiponso sacedwa kufumbwa pa cinyontho. Palani nsonga yake ndi mpeni: mukaona zoyera m'kati, dziwani cimene mwagwira. Ndi zomvetsa cisoni kuti ife a m'dziko lokumba mkuwa tizipusitsidwa ndi mkuwa wa maonekedwe cabe.

Titaika fyuzi yeniyeni ndi kulumikizanso batire, mita inakhazikika, ndipo besi inabwerako. Mphwanga anafuna kutseka buti ndi kuthamanga ku siteshoni, koma ine khutu langa silinakhute. Mau analipo, koma analibe thupi. Pamenepo ndinakumbukira matumba a cimanga aja.

M'bokosi lake munali masipika awiri ofanana. Ndinamasula mawaya ao ku ampulifaya, ndinatenga batire limodzi la toci, la mavoti 1.5, ndi kukhudzitsa mawaya a sipika yoyamba kwa kanthawi kocepa, waya wa plus ku mutu wa batire. Mbale inatumphukira kunja, monga iyenera kucitira. Nditacita cimodzimodzi ndi yaciwiri, mbale inalowa m'kati. Amene anabwezera bokosi pambuyo pa zokolola anasemphanitsa mawaya a sipika imodzi. Kuyambira mwezi umenewo, imodzi ikamakankha mpweya inzake inali kuukoka. Iliyonse inali kugwira nchito ndi mphamvu zake zonse, iliyonse inali kudya magetsi ndi kutentha, koma zimene imodzi inali kupanga inzake inali kufafaniza. Mnyamatayo anayang'ana mbale ziwirizo nthawi yaitali, kenaka anati, "Amalume, ndiye kuti miyezi yonseyi zakhala zikulimbana zokhazokha?" Tinatembenuza mawaya awiri, nchito ya mphindi imodzi, ndipo galasi lakumbuyo linayamba kunjenjemera.

Kunatsala kuyesa thupi la wufa yeniyeniyo. Munthu amatambasula zala mozungulira pakati pa mbale, n'kukankha pang'ono mofanana mbali zonse. Ikalowa ndi kubwerera mwakacetecete, koyilo ili bwino. Ikamakhwekhwereza ngati muli mcenga, kapena ikamanunkha ngati waya wopsa, koyilo yaonongeka. Mita nayonso imathandiza: sipika yolembedwa kuti 4 ohms imaonetsa pakati pa 3 ndi 4, ndipo ikapanda kuonetsa kanthu ndiye kuti waya wa koyilo waduka. Makoyilo onse awiri anapambana mayeso. Koma nditayendetsa cala pa mkombero wa sipika ya kumanzere, siponji inanyenyeka ngati cikondamoyo cogonera, ndipo kunsi kwake kunali kale mng'alu wotalika ngati cala.

Mkombero wa siponji ndiwo umayamba kukalamba. Pakapita zaka khumi kapena kuposerapo umayamba kufumbutuka, ndipo kutentha kwa m'buti mwezi wa Okutobala pamodzi ndi cinyontho ca m'dzinja zimafulumizitsa ukalambawo. Wa labala umakhalitsa koposa. Kuopsa kwa mng'alu kuli apa: mbale ikamakankha mpweya kutsogolo, kumbuyo kwake imakhala ikukoka. Nchito ya bokosi ndi kulekanitsa mbali ziwirizi. Pakakhala pobooka, mpweya wa kutsogolo umathawira kumbuyo, besi n'kutha. Ndi cifukwa comweco tinayang'ananso bokosi lenilenilo, popeza matabwa a utuci wopanikiza amene amapangira mabokosi otere amafufuma akamwa madzi, ndipo m'makona mumatseguka. Kona imodzi inali itayamba kuyasama, ndipo tinaimata ndi guluu wa matabwa ndi kuimanga ndi zomangira.

Mkombero umasinthidwa. Amisiri a masipika m'matauni amagulitsa mikombero ya miyeso yosiyanasiyana. Munthu amapala wakale wonse mosamala, amapaka guluu, amaika watsopano, ndipo guluuyo asanaume amakankha mbale kangapo kuti atsimikize kuti koyilo ili pakati, siikukhudza m'mbali. Kenaka amaisiya usiku wonse osailiza. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tinacita zimenezi patapita masiku atatu, mkombero utabwera kucokera ku Chipata. Fyuzi, mkombero ndi guluu, zonse pamodzi, sizinafike ngakhale pa theka la mtengo wa thumba limodzi la feteleza. Ndalama za mlongo wanga sizinakhudzidwe, ndipo feteleza analowa m'nyumba mvula yoyamba isanagwe.

Sindikunena kuti wufa iliyonse imacira. Koyilo ikapsa, kapena maginito akasweka ndi kusuntha, mwini wake ayenera kuwerengera bwino ngati kukulunganso koyilo kuli ndi phindu kapena ndi bwino kugula ina. Koma ciweruzo cimeneco cibwere pomaliza, munthu ataona kale zosinthira, batire, fyuzi, earth, mawaya, mkombero ndi bokosi. Amene amayambira ku sitolo kawirikawiri amamangirira wufa yatsopano pa bauti ya dzimbiri yomwe ija, ndipo pakapita mwezi amayambanso kudandaula.

Besi itabwerera ndinakhala naye pansi mphwanga, pakuti mphamvu yabwerera m'manja mwa mnyamata imafuna malangizo. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization linacenjeza m'caka ca 2015 kuti acinyamata okwana 1.1 biliyoni ali pa ngozi yoononga makutu ao cifukwa ca phokoso la nyimbo. Okwera amakhala m'galimoto theka la ora n'kutsika, koma woyendetsa amakhalamo kuyambira m'bandakuca mpaka usiku. Tizigawo ta m'kati mwa khutu timene timamva mau tikafa sitimeranso; mkombero wa sipika umagulidwa ku Chipata, koma wa khutu kulibe sitolo yake. Ndinamuuzanso kuti woyendetsa ayenera kumva hutala ya mnzake, belu la njinga ndi kukuwa kwa mwana, ndi kuti podutsa pa nyumba ya maliro kapena pa chalichi pamene anthu akupemphera, munthu woleredwa bwino amatsitsa wailesi.

Abale anga okondedwa, masiku amene aja ndakhala ndikuwasinkhasinkha. M'caka ca 2015 Papa Francis analemba kalata yonena za kusamala cilengedwe, m'mene anadzudzula cizolowezi ca masiku ano cotaya zinthu zikangoyamba kubvuta, ndipo kawirikawiri pa utumiki wake anali kucenjeza kuti cizolowezi cimeneci cimafika ndi pa anthu omwe, makamaka okalamba. Ine ndaona kuti zimene timacita ndi makina ndi zomwe timacita pa khomo. Cinthu cikayamba kuzilala, ena amakweza mau, ena amathamangira catsopano. Ndi ocepa amene amakweza kapeti kuti aone pamene padya dzimbiri.

Alangizi a mabanja m'maparishi athu amadziwa nyumba zimene bambo ndi wakhama, mai ndi wakhama, onse awiri amagona atatopa, koma pa khomo palibe cimene cikuoneka, cifukwa cimene mmodzi amanga mnzake amamasula. Wina akuti ndalama ipite ku munda, wina waitengera kale ku malonda. Wina akulanga mwana, wina akumubisa kumbuyo. Anthu otere safunika kuuzidwa kuti alimbikire, pakuti akulimbikira kale mpaka kutentha. Cofunika ndi munthu wodekha, kaya nkhoswe, kaya mlangizi, kaya Bambo Mfumu, woti awakhazike pansi ndi kuwaonetsa kuti akukankha mosemphana.

Ndipo m'mabanja ndi m'miphakati mwathu muli mau ena a pansi amene azilala osaonedwa ndi munthu. Pali agogo amene kale anali kuweruza nkhani za pa mudzi, koma lero amangokhala pa khonde osayankhula. Pali bambo amene anali woyamba kufika pa mapemphero a mphakati, koma tsopano papita miyezi isanu osaoneka. N'kosabvuta kunena kuti akalamba, kapena kuti cikhulupiriro cao cinatha. Koma ndani wapita kukafunsa kuti zinayamba liti, ndiponso ngati zinabwera tsiku limodzi kapena pang'onopang'ono? Mwina ndi mau amodzi opweteka amene ananenedwa pa msonkhano osapepesedwa. Mwina ndi maso amene saonanso njira madzulo, kapena manyazi a cobvala cong'ambika. Zotere zimakonzeka, ndipo sizifuna ndalama zambiri. Mlungu uno, musanapite ku Misa ya Lamulungu, dzerani pa khomo la munthu mmodzi wotero, mukhale naye pa mphasa, mumufunse, ndipo mudikire mpaka ayankhe.